Umo Ana a ku Amsterdam Analimbirana Mseu ndi Magalimoto

Mwana wa kumudzi safunsa munthu kumene akasewere. Akaturuka m'nyumba bwalo liri pomwepo. Usana kuli phada ndi masanje, usiku mwezi ukawala kuli cibisalirano, ndipo palibe mfumu inakhalapo pansi ndi nduna zace kupangana kuti ana apatsidwe malowo. Koma m'mizinda yaikuru sikutero ai. Kumeneko nthaka yonse inayesedwa ndi cingwe, nilembedwa pa pepala: apa nyumba, apa mseu, apa msika, apo poimika magalimoto. Olemba mapepalawo ndiwo akuru okhaokha, ndipo cinthu cimene iwo aiwala kulemba cisowa pokhala. Mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya mzinda wina wa ku Ulaya, umene poyamba unakumbukira ana ace, pambuyo pace nuwaiwala, kufikira anawo anaturuka okha kukaukumbutsa.

Mzindawo ndiwo Amsterdam, waukuru wa dziko la Holland, limene eni ace alicha Nederland. Dzikolo nlaling'ono ndi lacidikha, ndipo gawo limodzi mwa magawo anai liri pansi kuposa nyanja, kotero kuti anthu ace akhala zaka mazanamazana ali kuunda mitumbira yaitali yochinga madzi ndi kukumba ngalande. M'Amsterdam ngalandezo nzambiri, ndipo nyumba ziri zanjerwa, zosanjikizana katatu kapena kanai, zogundana khoma ndi khoma. Munthu akaturuka pa khomo aponda mumseu pomwepo.

Asilikari a Germany analowa m'dzikomo m'mwezi wa May 1940, nakhalamo kufikira May 1945. Ayuda a m'Amsterdam anali ngati 80,000, ndipo ambiri a iwo anatengedwa nakaphedwa kutali, nyumba zao nizitsala zopanda anthu. M'nyengo ya cisanu ya 1944 ndi 1945 munagwa njala yoopsa, imene inapha anthu ngati 20,000 m'dzikomo. Nkhuni zinasowa, malasha anasowa, ndipo anthu analowa m'nyumba zosiyidwa zija nazula zitseko, matabwa apansi ndi mitanda kuti akasonkhere moto. Nyumba zambiri zinagwa. Potha nkhondo miseu ina inali ngati mkamwa mwa munthu wamagweru: nyumba, nyumba, kenaka bwinja lodzala zidutswa za njerwa. Ndipo m'zaka zomwezo munabadwa ana ocuruka koposa kale.

Mabwalo a masewera analipo ndithu, koma anali ndi mpanda ndi loko ndi woyang'anira, ndipo eni ace anali mabungwe a makolo. Mwana analowamo ngati atate wace analembetsa dzina nasonkha ndalama. Mwana wa munthu wosalembetsa anangosuzumira pa mpanda.

Tsono m'nyumba ya nchito ya Boma la mzinda, imene inali kulemba mapepala a kamangidwe ka mzindawo, munali mai wina dzina lace Jakoba Mulder. Nkhani imene anthu akamba njakuti tsiku lina maiyo anaona kamtsikana kali kukumba dothi patsinde pa mtengo wa mumseu, kali kuumba timikate ta mcenga, ndipo garu anadza naipitsa pomwepo. Iye anapita kwa akuru anzace nati pa dera liri lonse pakhale bwalo la ana lopanda mpanda, lolipiridwa ndi mzinda. Nchito yolemba maonekedwe a bwalo loyamba anaipatsa mnyamata wa zaka 28, dzina lace Aldo van Eyck, ndipo linamangidwa pa malo ochedwa Bertelmanplein m'caka ca 1947.

Bwalolo linali losaoneka kanthu, ndipo nzeru yace inali m'kusaoneka kanthu komweko. Panali dzenje la mcenga lozingidwa ndi kakhoma kakafupi ka simenti, kotakata bwino, koti mwana nkuyendapo, kukhalapo, kapena kukayesa thebulo loumbirapo. Panali zitsulo zopingasa zolendewerapo ndi kugudubukirapo, ndi mipando ya akuru m'mbali. Pa mabwalo otsatira anaonjeza miyala yobulungira yodumphapo, ndi zitsulo zopindika zolumikizidwa ngati phaso la nyumba yozungulira isanafoleredwe. Van Eyck anakana kupanga zoseweretsa zokhala ndi nkhope ya kavalo kapena ya njobvu, pakuti cinthu cooneka ngati kavalo cikhala kavalo masiku onse; koma phaso lija lero liri nyumba, mawa phiri, mkuca ngalawa, monga umo ana apanganira okha. Amene anaona mwana wa kwathu ali kubereka cisononkho ca cimanga kumbuyo, nacichula mwana wace, adziwa kale cimene mnyamatayo anazindikira.

Anthu a m'madera ena ataona, anayamba kulemba makalata ku Boma la mzinda: kwathu kuno kuli bwinja, kuli ana, mutimangire ifenso. Ndipo anamanga pa mabwinja a nyumba zakugwa zija, pa mphambano za miseu, pa timalo tosiyidwa pakati pa makoma, kufikira m'caka ca 1978 mabwalo a Van Eyck anapitirira 700. Mwana wa m'Amsterdam wa masiku amenewo sanayenda mtunda kuti apeze mcenga.

Koma pano tinene coona cimodzi. Pa nchito yonseyi palibe anaitana ana kuwafunsa. Mulder ndi Van Eyck anawapenyerera bwino, naphunzira kwa iwo, nawamangira monga atate wacifundo amangira ana ace. Makalata opempha analemba ndi makolo. Kupenyerera mwana nkwabwino, ndipo mizinda yambiri sinafike ngakhale pamenepo. Koma cimene munthu angopatsidwa, osakhala ndi liu pa ico, akhoza kulandidwanso osafunsidwa. Ndipo cinadza kudzalanda.

Cimene cinadzaco ndico galimoto. Dziko linalemera msanga itatha nkhondo. M'caka ca 1960 m'Holland munali magalimoto a anthu ngati 500,000. Pofika 1970 anapitirira 2,000,000. Miseu ya m'Amsterdam inamangidwa m'masiku a akavalo ndi magareta, ndipo tsopano inadzala magalimoto oyenda pakati ndi magalimoto oima mbali zonse ziwiri. Mabwalo ena a misika anasanduka poimika magalimoto. Akuru anzeru a masiku amenewo anayesa kuti njinga ndi cinthu ca amphawi cimene cidzatha cokha, ndi kuti mzinda uyenera kupasulidwa kuti galimoto lipite. M'caka ca 1967 katswiri wina wa ku America, David Jokinen, anaturutsa pepala lace lonena kuti akwirire ngalande yaikuru yozinga pakati pa mzinda, amangepo mseu wotakata wa magalimoto othamanga, ndi kugwetsa madera ena a anthu anchito. Limodzi la maderawo linali De Pijp, kumene tifikeko tsopano apa.

Tiyambe taona cifukwa cace galimoto lipha mwana koposa wamkuru. Mwana ngwamfupi, akaima pakati pa magalimoto awiri oima saona mseu, ndipo woyendetsa samuona iye. Maso ace sanaphunzire kuyesa liwiro la cinthu cakudza, ndipo mtima wace uli pa mpira umene wagubuduka. Ndiponso liwiro ndilo mwini mlandu: galimoto likagunda munthu poyenda makilomita 30 pa ora, anthu 9 mwa 10 apulumuka, likathamanga makilomita 50, akufa acuruka kwambiri, ndipo woyendetsa asowa danga loimira. Akuru a masiku aja anadziwa kuti ana ali kufa, koma mankhwala ao anali amodzi: kuphunzitsa mwana kuti apenye uku ndi uku, ndi kuuza amai kuti asamlole kuturuka. Mseu sanaupeza cifukwa. Mwana akagundidwa, anthu anati ndi ngozi, kapena anati sanasamale.

Ciwerengero cinakwera caka ndi caka. M'caka ca 1971 ana oposa 400 anafa pa miseu ya Holland, ndiko kunena oposa mwana mmodzi pa tsiku, tikagawa ciwerengeroco ndi masiku a caka. M'caka ca 1972 anthu onse akufa pa miseu anali 3,264, m'dziko la anthu ngati 13,000,000.

De Pijp ndi dera la kumwera kwa pakati pa mzinda, lomangidwa mofulumira ndi motsika mtengo kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti mukhale anthu anchito. Dzinalo m'cinenero cao ndilo kaliwo, ndipo ena ati analicha cotero cifukwa miseu yace njaitali ndi yopapatiza. Mabanja anapanikizana m'tizipinda, nyumba zinali zacinyontho, ndipo mwana analibe posewera m'nyumba, analibenso posewera pabwalo. M'caka ca 1972 munthu wojambula zithunzi zoyenda, Roeland Kerbosch, anajambula ana a m'deralo, ndipo cithunzico cinaonetsedwa pa televizhoni m'dziko lonse. Dzina lace linali Namens de kinderen van de Pijp, ndiko kunena, M'dzina la ana a ku Pijp.

Cithunzico cikalipo, ndipo ncoyenera kucikamba bwino. Muoneka mnyamata ali kuyenda mumseu wa kwao pakati pa magalimoto, nafotokoza yekha umo ana asowera malo. Muoneka ana m'sukulu ali kukambirana za dera lao, wina anena ici, wina atsutsa, monga akuru acitira pa bwalo la milandu. Cimene anafuna sicinali cacikuru: anafuna kuti mseu wina utsekedwe, magalimoto asapitemo, ukhale mseu wa masewera. Anapita nao mau ao kwa akuru a mzinda, ndipo analandiridwa mwaulemu, monga akuru alandirira ana. Koma ulemu suimitsa galimoto. Tsono anaturuka ndi zikwangwani zolemba okha, nayenda m'miseu ali kuimba, ndipo pamodzi ndi akuru ena a m'deralo anaika zochinga pakamwa pa mseu. Pamenepo panadza mwamuna wina ndi galimoto lace, napeza njira yotsekedwa. Anaturuka wopsa mtima, nagwira zochingazo nazitaya kumbali; anthu anazibwezera, iye nazitayanso, kufikira akuru anagwirana malaya ana ali kupenya.

Ine ndiyesa kuti mwamuna ameneyo anathandiza anawo koposa abwenzi ao onse. Iye sanali woipa kopambana anzace. Lamulo linali kumbali yace, pakuti mseu unali wa magalimoto, ndipo iye anafuna kupita kwao. Koma dziko lonse linakhala m'nyumba zao ndi kupenya munthu wamkuru ali kulimbirana malo ndi ana, ndipo cinthu cimene anthu anacizolowera osaciona cinaoneka poyera. Tisaiwale kuti kumbuyo kwa anawo kunali aphunzitsi ndi makolo ndi wojambula uja. Ana a zaka khumi sakadziwa okha khomo la Boma. Koma mseuwo anaudziwa ndi iwo. Anadziwa pa ngondya pamene galimoto litulukira mosaoneka, ndi pamene mnzao anagundidwa. Ndipo izi sizinalembedwe pa pepala la katswiri ali yense.

M'caka comweco liu lina linamveka kucokera kumwera kwa dziko. Vic Langenhoff anali mlembi wa nyuzipepala yochedwa De Tijd. Mwana wace wamkazi wa zaka 6 anagundidwa ndi galimoto m'caka ca 1971 ali pa njinga kunka ku sukulu, namwalira. Woyendetsayo analipa cindapusa ca magilda 150. M'mwezi wa September 1972 atateyo analemba nkhani m'nyuzipepala yace, naika pamutu pace mau akuti Stop de Kindermoord, ndiko kunena, Lekani kupha ana. Owerenga athu adziwe kuti liu ili la Kindermoord ndilo lomwe anthu a ku Holland achula nalo cimene Herode anacita ku Betelehemu. Linali liu lolasa, pakuti woyendetsa galimoto safuna kupha munthu, ndipo kumuyesa wambanda nkumlakwira. Koma mlanduwo sunali pa woyendetsa mmodzi. Cinthu cikacitika kamodzi tiyesa ngozi; cikacitika kokwana 400 pa caka, ndipo akuru adziwiratu kuti caka camawa cidzacitikanso momwemo, koma osasintha kanthu, pamenepo dzina lakuti ngozi liyamba kucepa.

Anthu ambiri anamlembera makalata, ndipo panabadwa bungwe lochedwa ndi mau omwewo. Wotsogolera wace woyamba anali mai wamng'ono wa ku Amsterdam, Maartje van Putten, amene pambuyo pace anakhala phungu m'nyumba ya malamulo ya Ulaya. Macitidwe ao anali ofanana ndi a ana a ku Pijp. Anakhala pansi pa mphambano pamene munthu anafera. Anatseka miseu tsiku limodzi, naturutsa mathebulo ndi mipando, nadyera pakati pa mseu, ana ali kusewera pozungulira, kuti anthu aone ndi maso ao umo mseu ukhalira wopanda galimoto. Tsiku lina anapalasa njinga gulu lonse kunka kunyumba ya nduna yaikuru ya dziko, Joop den Uyl, naimba pakhomo pace, ndipo iye anaturuka kudzamva. Sipanapite nthawi, Boma linayamba kupatsa bungwelo ndalama zoyendetsera nchito yace. Ici ncodabwitsa, ndipo cionetsa mtima wa dzikolo: anthu amene akhala zaka zambiri ali kuchinga madzi pamodzi anazolowera kuitana wotsutsa kuti akhale nao pa upo.

Cinanso cinawathandiza cimene sanacipangane. M'mwezi wa October 1973 kunabuka nkhondo pakati pa Israyeli ndi maiko a Aarabu, ndipo maiko okumba mafuta anakana kugulitsa mafuta ao ku Holland. Boma linalamula kuti tsiku la Mulungu magalimoto a anthu asayende, ndipo kunatero masabata khumi, kuyambira pa 4 November 1973 kufikira m'January 1974. Ana anaturuka ndi njinga zao ndi nsapato zamagudumu, nasewera pa miseu yaikuru yomwe imene dzulo lace munthu sakadayesa kuoloka. Akuru anamva bata limene analiiwala.

Tsono funso linali lakuti, mseu woti mwana nkuseweramo osafa umangidwa bwanji? Yankho linali litayamba kale kuoneka m'mzinda waung'ono wa Delft, kumene amisiri a mzinda, mmodzi wa iwo Joost Váhl, anagwirizana ndi eni miseu ina kuisintha. Anacotsa malire a pakati pa njira ya oyenda pansi ndi njira ya galimoto, nayala njerwa ponseponse mofanana. Anabzala mitengo, naika mipando ndi miphika ya maluwa mokhotakhota, kuti galimoto lisaone njira yoongoka yoti nkuthamangamo. Anaundanso timitumbira topingasa. Mseu wotere anaucha woonerf, ndiko kunena bwalo la pakhomo. Galimoto siliretsedwa kulowa, koma lilowa monga mlendo alowera pa bwalo la mwini wace, mwakacetecete ndi mopenya. M'caka ca 1976 Boma linaulemba m'malamulo a dziko: m'bwalo lotere oyenda pansi ayende pali ponse, ana asewere mumseu monse, galimoto liyende pang'onopang'ono monga mwa liwiro la kuyenda pansi, ndipo liime pa malo olembedwa pokha. Cikwangwani cace ncobiriwira ngati thambo, ndipo pajambulidwa nyumba, galimoto, munthu wamkuru, ndi mwana ali kusewera mpira.

Taonani kusandulika kwa maganizo kumene kuli apa. Kale anati, mseu uli bwino, tikonze mwana. Tsopano anati, mwana adzakhala mwana, adzathamangira mpira ngakhale timlange kangati. Tikonze mseu, kuti polakwa iye asalipe ndi moyo wace. Miseu yotere inali yokwera mtengo kumanga, ndipo cifukwa cace m'zaka za m'ma 1980 anayamba njira yocepa mtengo, ya madera athunthu m'mene galimoto silipitirira makilomita 30 pa ora. Pa miseu yaikuru, pamene galimoto liyenera kuthamanga, anapatula njira za njinga pa zokha. Mizinda ya Tilburg ndi Den Haag inayesa njira zoterezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'caka ca 1978 akuru a Amsterdam anabvomereza pepala latsopano la kayendedwe ka mumzinda, locepetsa magalimoto pakati pa mzinda ndi kukuza njinga. Mseu wotakata wa Jokinen sunamangidwe, ndipo De Pijp sanagwetsedwe.

Akufa pa miseu anacepa caka ndi caka, kufikira m'caka ca 2013 anali 570, cinkana anthu anali atacuruka kufika pafupi 17,000,000 ndi magalimoto kucuruka koposa. Ana akufa, amene anali oposa 400, anatsika kufika makumi owerengeka. Tisanamize owerenga kuti zonsezi anacita ndi ana a ku Pijp kapena bungwe lija. M'zaka za 1974 ndi 1975 Boma linaika malire a mowa kwa woyendetsa, ndi malire a liwiro pa miseu yaikuru, nililamula malamba a m'galimoto ndi zisoti za okwera njinga zamoto zazing'ono. Magalimoto anapangidwa bwino koposa, ndi zipatala zinapita m'tsogolo. Maiko enanso a ku Ulaya anacepetsa imfa za pa mseu. Koma m'maiko ambiri ana analeka kufa cifukwa anawacotsa mumseu, nawatsekera m'nyumba ndi m'magalimoto a makolo ao. Ku Holland ana ambiri anapitirira kupita okha ku sukulu pa njinga, ndipo kusiyana kwace kuli pamenepo.

Maiko a dziko lapansi anafika pa mfundoyi mocedwa. Pa 20 November 1989 bungwe la United Nations linabvomereza Pangano la Ufulu wa Ana. Ndime 12 ya panganolo inena kuti mwana wokhoza kuganiza yekha amvedwe pa zinthu zonse zomkhudza, ndipo mau ace ayesedwe monga mwa msinkhu wace. Ndime 31 inena za ufulu wa kupuma ndi kusewera. Dziko la Malawi linalowa m'panganolo m'caka ca 1991, ndipo Holland, mwini nkhani yathuyi, analowa m'caka ca 1995. M'caka ca 1991 mzinda wa Fano ku Italy, potsata nzeru ya mphunzitsi Francesco Tonucci, unayamba nchito yochedwa Mzinda wa Ana, ndipo m'menemo munaturuka bwalo la ana lopereka uphungu kwa mkuru wa mzinda. Mizinda yambiri inatsata.

Koma kufunsa ana kuli ndi cinyengo cace, cimene ife tonse tinacionapo pa masiku a zikondwerero: mwana abvekedwa bwino, apatsidwa pepala lolemba mphunzitsi, awerenga pamaso pa alendo, anthu naomba m'manja, ndipo mawa lace palibe akumbukira cimene ananena. M'caka ca 1992 Roger Hart analembera bungwe la UNICEF kabuku m'mene anafanizira nkhaniyi ndi makwerero a masitepe 8. Atatu apansi anati si kumva ana konse, koma kuwagwiritsa nchito, kuwayesa cokometsera, ndi kuwaika pa mpando wopanda mphamvu. Pamwamba peni peni anaika nchito imene ana aiyamba okha, naitana akuru kuti aweruze nao pamodzi. Tikayesa ana a ku Pijp pa makwerero amenewo, sindidziika kuti ndinene sitepe yao. Koma mlandu umene anapita nao unali wao, wa pakhomo pao, ndipo unali ndi mtengo, popeza kuwamvera kunali kulanda kanthu kwa munthu wamkuru wokhala ndi galimoto. Bwalo la ana limene lipempha zokhazo zimene akuru afuna kale kupatsa silinayesedwe.

Nkhaniyi siitha mokoma monse. Mabwalo ambiri a Van Eyck anafafanizidwa. Ena anamangapo nyumba, ena anaikapo zoseweretsa zamitundumitundu zogula ku sitolo, za nkhope ya nyama zimene iye anakana zija. Zitsulo zace zina anazitola naziimika m'munda wa Rijksmuseum, nyumba yaikuru yosungiramo zinthu zakale. De Pijp, atapulumuka ndi kukonzedwa, anakoma kotero kuti anthu acuma anayamba kumfuna. Mitengo ya nyumba inakwera, ndipo mabanja ambiri a anthu anchito anali atasamukira kale ku midzi yatsopano monga Purmerend ndi Almere. Bungwe lija linasintha dzina, ndipo m'caka ca 2000 linaphatikana ndi mabungwe ena awiri a za pa mseu. Ndipo ciwerengero ca akufa cinayambanso kukwera, nicipitirira 700 m'caka ca 2022, ambiri a iwo okwera njinga okalamba.

M'caka ca 2018 mzinda unatsegula mosungira magalimoto 600 pansi pa madzi a ngalande ya m'mbali mwa De Pijp, ndipo m'miseu yoyandikana nayo anacotsa malo oimika magalimoto, naikapo maluwa, mipando ndi poimika njinga. Pa 8 December 2023 akuru a Amsterdam anatsitsa liwiro kufika makilomita 30 pa ora pa miseu yambiri ya mzinda wonse. Panali patapita zaka 51 cijambulire cithunzi cija, ndipo ana amene ananyamula zikwangwani anali atapitirira zaka 60, ena a iwo ali ndi adzukulu.